Agogo Anga Ngaliba ku Bradford

Agogo anga a Che Likaka ndikawakumbukira, chimene chimayamba kundifika m'mphuno ndi utsi wa chingambwe wosakanikirana ndi fungo la jasi lonyowa ndi mvula ya ku Bradford. Ankakhala pa sitepe ya khomo lakuseri, pakati pa mabini ndi chingwe choyanikira zovala chimene sichinkaumitsa kanthu, akupichira fodya wawo m'kachidutswa ka nyuzipepala, utsi n'kumalowa m'khitchini mpaka kachipangizo kochenjeza za moto ka kudenga kayambe kulira. Kakalira, iwo ankakayang'ana cham'mbali n'kunena kuti, “Nyumba ya azungu ili ndi kazitape.” Akatha kusuta ankatola mipeni yonse ya amayi n'kuyamba kuinola pa mwala wa sitepe yomweyo, kwecha kwecha, mosafulumira, akuthira timalovu, mpaka kampeni kopakira majarini nako kankameta ubweya wa pamkono.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Bambo anga anamwalira ndili wakhanda, ndipo amayi, omwe anali namwino, anandichotsa ku Zomba ndisanayambe n'komwe sukulu, atapeza ntchito pa chipatala china chachikulu kuno ku Mangalande. Agogowa anali bambo awo a amayi. Anabwera kuchokera ku Machinga kudzacheza miyezi ingapo, kuti akapimitse maso awo komanso kuti pa holide yaitali ya sukulu ndisamangotsala ndekha m'nyumba amayi akakhala ku shifiti. Ndinkawakonda agogowo. Ndayamba ndanena zimenezi chifukwa zotsalazi ndizinena ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo sunathe mpaka lero.

Kumudzi agogo anali ngaliba, munthu amene amachita mdulidwe wa anyamata ku jando. Amayi nkhani imeneyi sankaifuna. Anzawo a kutchalitchi akafunsa, iwo ankangoti, “Ababa ndi mlimi,” n'kufunsa ngati wina akufuna tiyi. Koma amayi akangotuluka m'mawa ndi yunifomu yawo kuthamangira basi, agogo ankandiitana kuseri kuja n'kuyamba kundifotokozera za ndagala, msasa wa udzu wa kutchire kumene anyamata amakhalako masabata ambiri m'nyengo yozizira. Ankati mnyamata aliyense amakhala ndi phungu wake womuyang'anira usana ndi usiku, ndipo pamwamba pa aphunguwo pamakhala nakanga, mkulu wa msasa wonse. Ankandiimbira nyimbo zake ndi mawu apansipansi, akuomba pa chivindikiro cha bini. Ankati tsiku lotuluka mudzi wonse umadzadza pabwalo, mnyamata atavala zatsopano, ali ndi dzina latsopano, ndipo amayi ake omwe amamuyankhula mwaulemu. Ine mwana wopanda bambo, amene kusukulu ankanditchula dzina molakwika tsiku ndi tsiku, ndinkameza malovu.

Tsiku lina tikuchokera kogula nyama kwa Mpakistani wina wa pakona, amene agogo ankagwirizana naye ngakhale sankamvana chilankhulo, anandifunsa kuti, “Bwanawe, ntchito yangayi azungu amaitchula chiyani?” Sindinadziwe. Mawa lake ndinapita ku laibulale n'kutsegula dikishonale yaikulu ija yosabwereketsa. Ndinapeza mawu akuti circumciser, ndipo pansi pake analemba kuti anachokera ku Chilatini, ku mawu awiri, ena otanthauza mozungulira, ena otanthauza kudula. Ndinathamanga nawo kunyumba ngati ndatola ndalama.

“Akuti ndinu wodula mozungulira, agogo.”

Analavula pansi. “Basi? Wodula? Wodula ndi mnzanga wa pakona uja. Mpeni ndi kanthawi kochepa, bwanawe, ngati kuphethira. Ngaliba amalandira mwana n'kubweza mwamuna. Azungu aona mpeni wokha.”

Tsiku limenelo ndinawanyadira kwambiri, ndipo ndinawaseka azungu ndi dikishonale yawo.

Kuyambira pamenepo nthabwala zawo zinayamba kuluma. Ndikati ndipise dzanja m'mbale yawo, ankaikokera kumbali. “Sindidya ndi ana.” Ndikanyamula katundu wolemera, ankati, “Nyamula, koma wosaumbala, wosapita ku jando, ndi mwana ngakhale atamera ndevu za m'chifuwa.” Madzulo ena ndinawamva akulankhula ndi amayi m'khitchini, ine ndili pa masitepe.

“Ababa, mwanayu mumusiye,” anatero amayi. “Akakula adzasankha yekha. Ndiponso kuno zimenezi zimachitikira ku clinic, pamafunika consent ya kholo. Ine ndakana.”

“Zachimuna mkazi sazilamula.”

“M'nyumba muno ndizilamula. Please, ababa.”

Agogo sanayankhe, ndipo amayi anaganiza kuti nkhani yatha. Anaiwala kuti bambo awo akakhala chete ndiye kuti sanakuwerengere n'komwe.

Nyumba zakale za ku Bradford zimakhala ndi chipinda cha pansi pa nthaka, chozizira, chonunkha nkhungu. M'chathu munali makina ochapira, njinga yanga yakale ndi masutikesi. M'mawa wina amayi atangotuluka, agogo anayala mkeka pansipo n'kundifunsa ngati ndikufuna kukhala mwamuna. Ndinavomera. Pali anthu amene anadzanena pambuyo pake kuti, “Koma mwanayo anavomera yekha.” Anthu amenewo ndimafuna nditawafunsa kuti mwana wa zaka khumi ndi chimodzi angakane chiyani kwa nkhalamba imene amaikonda, imene yamumana mbale mwezi wathunthu.

Kumudzi, pa nthawi ya mpeni, amaimba ng'oma mwamphamvu kuti amayi asamve kulira kwa ana awo. Ku Bradford kunalibe ng'oma, koma kunali aneba kuseri kwa khoma lililonse. Agogo analoza makina ochapira. Iwo sankadziwa kuwayatsa, ndiye ndinawayatsa ndine, ndi dzanja langali, n'kuika pomwe amazungulira mwaphokoso kwambiri. Zimene zinatsatira sindizifotokoza. Ndingonena kuti maso a agogo, omwe anabwera kudzawapimitsa aja, sanali abwino, ndipo panalibe phungu wondigwira dzanja.

Atatha ananditsira mankhwala a ufa wakuda ochokera m'kachitini, n'kundimanga ndi kansalu. Kenako anandigwira chibwano kuti ndiwayang'ane.

“Zakundagala siziuzidwa mkazi. Mayi ako akamva kuchokera pakamwa pako, kapena akaona bala limeneli, afa. Wamva?”

Pa zonse zimene anandichita, ichi ndiye sindidzawakhululukira. Ankadziwa kuti ndili ndi kholo limodzi lokha padziko lapansi. Anasankha mawu amenewo chifukwa ankadziwa kuti agwira ntchito.

Ndagala yanga inakhala kachipinda kanga ka m'mwamba, pansi pa denga. Ndinkagona nditadzimanga chitenje, osavala kabudula, ndikumva mabasi akudutsa ndi ana anzanga akumenya mpira mumsewu. Agogo ankabwera ndi phala, kusintha kansalu, n'kuimba nyimbo imodzi kapena ziwiri, kenako n'kutsika kukasuta. Sabata imeneyo amayi anali ndi mashifiti aatali otsatizana. Ankafika miyendo itatupa, agogo n'kuwachingamira pakhomo kuti, “Mwana ali ndi chimfine, wagona, usamudzutse.” Amayi ankakwerabe, kundigwira pamphumi, kundipatsa panado.

“Are you okay, Yamikani? Pakupweteka pati?”

“Mutu basi, mum.”

Ndinkakoka bulangete mpaka m'khosi, ndikupemphera kuti asavundukule, chifukwa ndinkakhulupirira kuti akangoona agwa pomwepo. Namwino amene tsiku lonse ankatsuka mabala a anthu osawadziwa ankatsika masitepe osadziwa kuti mwana wake akuwola pansi pa bulangete. Thupi linkatentha tsiku ndi tsiku, ndipo fungo linayamba kumveka, koma agogo ankafukiza chingambwe chawo m'chipindamo mpaka amayi ankangodandaula za utsi.

Chimene chinandipulumutsa ndi mchere. Tsiku lawo lopuma litafika, amayi anati andiphikire msuzi wa nkhuku kuti ndipeze mphamvu. Zimenezi anadzandifotokozera okha patapita zaka. Atatapa mchere kuti athire mumphika, agogo anawagwira dzanja.

“Usathire. Ndithira ndine.”

“Bwanji, ababa?”

“Ndati ndithira ndine.”

Amayi anaima, mchere uli m'manja. Iwo anakulira m'nyumba ya ngaliba. Ankadziwa kuti kwawoko mwana akakhala kundagala, mayi wake sathira mchere m'chakudya cha mwanayo, poopa kuti bala silipola. Anali ataona amayi awo akuletsedwa chimodzimodzi achimwene awo ali kutchire. Agogo anabisa zonse mochenjera, koma mwambo womwewo umene ankausunga ndi umene unawaulula.

Ine ndinamva mphika ukugwa, kenako mapazi. Agogo, ndi ukalamba wawo wonse, anali atafika kale pa masitepe, manja atatambasula.

“Mkazi salowa kundagala.”

“Ino si ndagala, ino ndi nyumba yanga. Chokani.”

“Ukukankha bambo ako?”

Anawakankha. Amayi amene ankagwada popereka madzi kwa bambo awo, ngakhale pa kapeti ya ku Mangalande, anawakankhira kukhoma n'kudutsa. Atalowa ndinagwira bulangete ndi manja onse awiri ndikukuwa kuti, “Don't look, mum, musaone.” Anavundukula. Nkhope yawo inasintha kamodzi kokha, kenako inakhala ya kuntchito, ndipo anatenga foni n'kuitana ambulansi ndi mawu osanjenjemera. Ndinkawayang'anitsitsa kudikira kuti agwe. Atapanda kugwa, ndinaganiza kuti imfayo imabwera pang'onopang'ono.

Kuchipatala anandichita opaleshoni, ndipo madokotala anati tikanachedwa pang'ono poizoni akanafalikira m'magazi monse. Ndisanatuluke n'komwe, kunabwera apolisi ndi anthu a boma oona za ana. Funso lawo linali limodzi: kodi amayi ankadziwa? Ngati ankadziwa, ndiye kuti namwino analola munthu wosaona bwino kudula mwana wake pansi pa nyumba, n'kumusiya akutentha thupi sabata yonse. Zikatero alandidwa mwana, ntchito nayo yatha. Ngati sankadziwa, mlandu wonse unali wa agogo.

Munthu mmodzi akanatha kumaliza nkhaniyi ndi mawu ochepa. Akanangoti, “Mwana wanga anakana, ndachita ndekha.” Koma wapolisi amene ankafunsa anali mkazi. Wa boma uja anali mkazi. Womasulira, mayi wina wa ku Zambia wolankhula Chinyanja, nayenso anali mkazi. Agogo anawayang'ana onse atatu n'kunena kuti, “Zakundagala sindikamba ndi akazi,” kenako anapinda manja. Mayi wa ku Zambia uja anawachonderera, mpaka anapitirira ntchito yake. “Atate, mwana wanu adzalandidwa mwana. Kambani chabe.” Agogo anayang'ana kudenga. Atawapezera wapolisi wamwamuna, agogo anafunsa ngati mzunguyo anaumbala, ndipo anapitiriza kukhala chete.

Amayi nawo sanalankhule zomveka. Ankangoti, “Ndinali ku shifiti,” n'kulira. Kunena kuti anakana pamaso pa bambo awo kunali kuwapereka okha kundende, ndipo khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ine ndinali nditatseka pakamwa poopa kupha amayi. Anthu atatu a m'nyumba imodzi, aliyense ali duu, ndipo azunguwo anaganiza zimene aliyense akanaganiza, kuti tapangana. Akuchipatala anawaimitsa ntchito amayi. Ine nditatuluka m'chipatala sanandibweze kwathu, anandipereka kwa banja lina la azungu kunja kwa mzinda, anthu abwino ndithu, amene ankadabwa kuti mwanayu bwanji amadzuka m'mawa uliwonse n'kufunsa ngati amayi ake aimba foni.

Pa nthawi imeneyo ndinamva mawu a mu dikishonale aja kambirimbiri. Madokotala, apolisi, onse ankati traditional circumciser, ndipo poyamba ndinkapsa mtima m'malo mwa agogo, ndikuti anthuwa aona mpeni wokha. Lero ndine mphunzitsi wa zilankhulo ku Manchester, ndipo ndawaganizira mawuwo kuposa mmene munthu ayenera kuganizira mawu amodzi. Mnzanga wina wachiyuda wa kuntchito anandiuza kuti kwawo munthu wotere amamutcha mohel, mawu ochokera ku Chiheberi amene Chingerezi chinangowabwereka, ndipo amachita ntchito yake banja lonse likudziwa. Kumudzi mwina agogo analidi zimene ankanena, sindikudziwa, sindinakhaleko. Kumeneko kunali nakanga woti angawadzudzule, aphungu oti angaone kuti mwana watentha thupi, ndi makolo amene anapereka okha ana awo. Ku Bradford zonsezo kunalibe, ndipo iwo ankadziwa kuti kulibe. Anabweretsa mpeni ndi chinsinsi, zina zonse anazisiya ku Machinga. Pa tsiku limene lija, dikishonale sinaname.

Amayi ankaloledwa kundiona kamodzi pa sabata, m'kachipinda ka ofesi kokhala ndi zidole za makanda, mayi wa boma atakhala pakona kumvetsera. Anali ataonda, ndipo ine ndinkaona kuondako ngati chiyambi cha imfa ija. Tsiku lina ndinalephera kupirira. Ndinalankhula m'Chichewa, chimene sindinkachigwiritsa ntchito kawirikawiri, kuti wa pakonayo asamve.

“Amayi, ndikanena mufa?”

“Ukanena chiyani?”

“Za pansi paja. Agogo anati ndikanena mufa. Ndiponso munaona kale.”

Amayi anandiyandikira. “Anakuuza zimenezo? Ababa anakuuza iwe zimenezo?”

Ndinagwedeza mutu movomera.

“Ndiye masiku onse aja unkandiuza kuti mutu, unkasunga ine?”

Sanalire. Anatembenukira kwa mayi wa boma uja n'kunena m'Chingerezi kuti akufuna kulankhula ndi apolisi tsiku lomwelo. Kenako anandigwira manja onse awiri. “Sindifa, Yamikani. Nena zonse. Uyambe ndi zimene unamva pa masitepe, ngati unamva.” Ndinali nditamva. Ndinanena za m'khitchini, za makina ochapira, za kachitini, za chimfine chabodza. Amayi nawo ananena zawo, ndipo mkhate unasweka tsiku limenelo.

Ndinabwerera kunyumba nyengo yozizira itayamba. Agogo mlandu unawapeza, koma chifukwa cha ukalamba ndi maso awo sanakhalitse m'manja mwa boma, anawabweza kumudzi. Amayi anapita kukawatsanzika, ine ndinakana. Atabwerako ndinawafunsa ngati agogo anafunsa za ine. Amayi sadziwa kunama. Anati agogo ananena kuti, “Mwana wako ndi wapakamwa. Ntchito yanga yapita pachabe.” Za bala langa sanafunse. Za ntchito ya mwana wawo wamkazi, amene anawalipirira ndege ndi kuwagulira jasi lija, sanafunse.

Ntchito amayi anabwezeredwa, koma ku Bradford sitinakhalitse. Kutchalitchi ena ankanong'ona kuti mayi uyu anamangitsa bambo ake omubereka, ena kuti namwino wanji wosaona kuti mwana wake akudwala. Amene ankanena zonse ziwiri analiponso. Tinasamukira ku Manchester, ndipo amayi anayambiranso pansi pa chipatala china. Agogo anamwalira ndili ku yunivesite. Pamaliro akuti anthu anawatama kuti anali munthu wosunga mwambo, wosagwedezeka ngakhale pamaso pa boma la azungu. Nditamva zimenezo ndinatuluka panja n'kuyenda mumvula mpaka mkwiyo utatsika pang'ono. Kusagwedezeka kwawoko amene anakulipira ndi amayi anga, amene mpaka lero, tsitsi lili mbuu, amati akandiyang'ana nthawi zina n'kunena kuti, “Ndikanangovundukula bulangete tsiku loyamba.”

Anthu amati mawu a akulu amakoma akagonera. Ena amakomadi. Ena akagonera amasasa, ndipo ine ndili ndi chipsera choti nditsimikizire. Sindidana ndi jando ya anthu amene amaichita poyera, makolo onse atavomera, ana akusamalidwa. Chimene ndinatsala nacho n'chakuti munthu wamkulu akauza mwana kuti “usauze amayi ako,” thupi langa lonse limazizira, kaya ndi kusukulu kumene ndimaphunzitsa, kaya ndi nthabwala ya maswiti.

Tsopano ndili ndi mwana wamwamuna, Tadala, ndipo amayi timakhala nawo nyumba imodzi. Chaka chatha amalume, achimwene awo a amayi, anandiimbira kuchokera ku Machinga. Titapatsana moni anatsitsa mawu.

“Uli wekha pamenepo?”

“Bwanji, amalume?”

“Ndi nkhani ya amuna. Mnyamata wakula. Holide ya Ogasiti ubwere naye, uwauze azimayiwo kuti akudzaona abale. Zinazo tikonza ife.”

Ndinali pabalaza. Ndinanyamuka ndi foniyo kupita kukhitchini, kumene mkazi wanga ankatsuka mbale, amayi akusenda mbatata patebulo. Ndinakweza mawu a foni kuti onse amve, n'kuiika pakati pa tebulo, pambali pa makoko a mbatata.

“Amalume, bwerezani zimene mwanenazo. Mayi ake a Tadala ali pano, alongo anu alinso pano. Akumva.”

Mkazi wanga anatseka mpopi. Amayi anaika mpeni pansi n'kuyandikira foniyo.

“Achimwene, lankhulani,” anatero. “Tikumva.”

Kumbali inayo kunali zii. Tinkangomva tambala akulira kutali, ndi wina akusinja. Patapita kanthawi amalume anatsokomola, n'kufunsa ngati kuno mvula ikugwa.